Mzamba amene anakana kundibereketsa

Abiti Jafali, apongozi anga, mapasa aja lero akwanitsa zaka makumi anayi, ndiye ndakukumbukirani. Ku Makanjira konse ankakutamani kuti ndinu mzamba wa manja abwino, koma mutandigwira pamimba munati, "Muno muli mitu iwiri, wina wagona chopingasa. Izi si za pamphasa panga." Anthu ankati mwachita mantha. Inu munangomanga makhadi athu a chipani, amene masiku amenewo ankafunsidwa paliponse, pansonga ya chitenje, n'kundikweza lole ya usipa mpaka kuchipatala ku boma.

Hasani anabadwa bwinobwino, koma Huseni anachita kumutulutsa pa opaleshoni, ine magazi atatsala pang'ono kundithera. Lero tonse atatu tilipo. Kumanda kwathu kwagona amayi ambiri amene azamba awo ankachita manyazi kunena kuti "sindingathe". Inu munanena, anthu akumva. Allah akupatseni Janna, paradaiso wake, amayi.