Mayi Longwe ndi Wailesi Yakufa

Mayi Marjorie Longwe ankaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina ku Mzuzu, m'zaka zomwe wofuna phunziroli ku yunivesite ankapita mpaka ku Zomba. Ophunzira awo ambiri akafika kumeneko ankalithawa chaka choyamba chisanathe. Choncho tchuthi chikafika, mayiwo ankayenda wapansi khomo ndi khomo kuwafunafuna.

Tsiku lina ku Zolozolo anapeza Rozina, yemwe kale ankatsogola m'kalasi mwawo, akuchapa pakhonde.

"Madamu, ine ndatopa," anatero mtsikanayo. "Mkazi ndine ndekha m'kalasi monse, ndipo timangolemba masamu osaona ntchito yake."

Mayi Longwe sanamutsutse. Anamutengera kunyumba kwawo n'kumupatsa wailesi yomwe inasiya kulira kalekale. Tchuthi chonse awiriwo ankaimasula, kuyesa mawaya, kukangana, mwina mpaka kupsa zala. Tsiku lomwe inalira, Rozina anakuwa mpaka oyandikana nawo anathamangira kudzaona.

"Yewo chomene, madamu," anathokoza m'Chitumbuka akupukuta misozi.

Anabwerera ku Zomba ndipo phunziro lija sanalisiyenso. Pomuperekeza ku basi, mayi Longwe ankamunyamulira chikwama, akumufunsabe mafunso a magetsi njira yonse.