Mpiru wa Kuseri kwa Bafa

Nyumba imene ndimakhala pa Ntchisi boma ilibe bwalo loti n'kunyadira. Kutsogolo kuli msewu wa fumbi, kumbali kuli mpanda wa aneba, ndipo kuseri kuli kampata pakati pa khitchini ndi bafa, koti mutayalapo mphasa ziwiri kadzaza. Pamenepo ndiye pali dimba langa. Aphunzitsi anzanga amaseka ndikamati dimba. Aseke, koma Loweruka akasowa ndiwo njira ya kwathu amaidziwa bwino.

Ndimathirira ndi madzi otsukira mpunga ndi mbatata, manyowa ndimakawola m'khola la nkhuku za aneba, nkhuku zomwezo zimene zimandijompholera masamba ndikangotembenuka. Pamakhala repu, anyezi, tomato wokwera pa mpanda, ndi bonongwe amene amamera yekha osaitanidwa. Koma mwini malo ndi mpiru. Ndi wa masamba otambalala, wowawirira pang'ono, ndipo mukauphika ndi nsinjiro fungo lake limafika kumsewu. Mbewu yake sindinaigule. Malemu amayi ankaisunga m'kabotolo kofiirira pamodzi ndi phulusa, ndipo atamwalira ndinakapeza kabotoloko atakasomeka patsindwi la khitchini yawo. Chaka chilichonse ndimasiya mitengo ingapo kuti ichite maluwa, ndipezenso mbewu.

Chaka chimene ndikunenachi ndinachita chifundo chopitirira. Ndinagawira anzanga mbewu, iwo n'kudya mpiru wonse osasiyako ngakhale mtengo umodzi, ndipo yotsalayo ndinaifesa yonse. Kabotolo kanali gwa m'kabati, kopanda ndi kambewu kamodzi komwe. Mpiru wa amayi pa dziko lonse unali umene unaima kuseri kwa bafa langa.

M'chaka chomwecho ababa anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinafooka, ndipo ine ndi mchimwene wanga tinagwirizana kuti sangakhalenso okha kumudzi, cha ku Nachisaka, kumene analima fodya moyo wawo wonse. Ndinawatenga. Thupi linafika kwanga, koma mtima unatsala m'chigafa chawo choyanikamo fodya. Ankakhala pakhonde kuyang'ana msewu, chakudya akungochilawa, kolala ya malaya ikunka niikula. Kuchipatala anawapatsa kampira koti azifinya kuti zala zilimbe. Anakapereka kwa galu wa aneba.

"Kodi galimoto ya kumudzi ipita liti?" ankandifunsa m'mawa uliwonse.

Ndinkayankha zozungulira, koma mantha ndinali nawo. Ndinkaona kuti akapita kumudzi akagwa pamene palibe wowadzutsa, ndipo akakhala chonchi adzandithera pampando ndikuwaona.

Tsiku lina m'nyengo ya chisanu, nkhungu isanachoke m'mapiri, ndinali kukonza bedi loti ndifesepo repu. Ndinamva ndodo ikugogoda kumbuyo kwanga. Ababa anali atazungulira nyumba okha, koyamba chifikireni. Anayang'ana bedilo nthawi yaitali.

"Ameneyu wakonza ndi ndani? Nkhuku?"

"Ndine, ababa."

"Ndiye umaphunzitsa ana a eni iwe?"

Ababa sanagwirepo ndiwo zamasamba chibadwire. Kwa iwo ndiwo zinali za amayi, zimangopezeka m'mbale. Koma bedi lokhota sakanatha kulipirira. Anandituma mapesi kwa aneba, n'kuwaunjika pabedipo, n'kuyatsa monga amachitira pa nazale ya fodya kuti aphe udzu ndi tizilombo ta m'nthaka. Utsi unakalowa m'zovala zimene mayi a nyumba yoyandikana anayanika, ndipo ndinapepesa mpaka pakamwa kuuma. Kenaka anasalaza dothi ndi kathabwa, anasakaniza mbewu ndi mchenga, anafesa, n'kuphimbira ndi udzu wopyapyala. Madzi anati azithira okha, chifukwa ine ndimathira ngati ndikuzimitsa moto.

Repu uja anamera mofanana bwino, moti ndinachita naye nsanje. Dzanja limene linakana kampira linayamba kuzula udzu, pang'onopang'ono. Mbale inayamba kubwerera yopanda kanthu. Za galimoto ankafunsabe, koma mwa apo ndi apo, ngati munthu wofunsa za mvula. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza atakhala pa chidebe chovundikira, akukalipira nkhuku, ndipo tinkathyola ndiwo limodzi uku akundiuza zolakwa zanga zonse za ulimi. Masiku amenewo ndinkasangalala, ndisabise.

Mpiru wanga wa mbewu unali pakona, utatalika kufika m'chiuno, maluwa achikasu atangoyamba kumasula. Sindinawauzepo kanthu za iwo. Ndinkayesa kuti aliyense amadziwa chifukwa chimene munthu amasiyira ndiwo kuti zichite maluwa.

Masana ena ndikubwera ndinawapeza akundidikira pakona ya nyumba, nkhope ili ngwee. Pambali pawo panali mulu wa maluwa achikasu, ataunjikidwa mwaudongo. Mpiru wonse unali wopanda mitu.

"Ndakudulira," anatero. "Unausiya uchite maluwa, ndiye masamba akula bwanji? Mphamvu yonse imathera kumutu."

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinatengera amayi.

"Ababa, uyu si fodya! Ndinausiyira mbewu. Ndi mpiru wa amayi uwu, ndipo wina kulibe kulikonse. Mwaumaliza!"

Anayang'ana muluwo, n'kuyang'ana zala zawo.

"Wa amayi ako?"

"Womwe uja munkadya kumudzi."

Zaka zonse zija ankaudya, ankautama kwa alendo, koma sanafunsepo kumene umachokera. Anatenga ndodo yawo n'kulowa m'nyumba. Ine ndinatsala ndikutola maluwa aja ngati ndingawabwezeretse, misozi ikugwera pa malaya a kuntchito. Ndinkalira mpiru, ndinkalira amayi, komanso ndinkadziwa kuti munthu amene ndinamudzutsa movutikira uja ndamukhazikanso pansi.

M'mawa mwake chikwama chawo chinali pakhomo, atamanga kale.

"Lero undikweze galimoto ya kumudzi," anatero. "Kuno ndingokuonongera zinthu."

Ndinati ayambe amwa tiyi. Ndili pa mbaula, ndinamva ndodo ikupita kuseri. Anakhalitsako mpaka tiyi anazizira. Nditawatsatira ndinawapeza atawerama pa mtengo umodzi, akupatula tsamba ndi chala, akusuzumira pamene tsambalo limagwirana ndi thunthu.

"Fodya ukamudula mutu amakwiya," anatero osandiyang'ana. "Amatulutsa mphukira pa tsamba lililonse, ndipo ukazisiya zimachita maluwa. Ndalimbana nazo moyo wanga wonse. Kaya mpiruwu uli ndi ukali womwewo."

"Kaya, ababa. Sindinaudulepo mutu ine."

"Ngati ndi wa amayi ako, ukali ulipo." Anaweramuka movutikira. "Ndidikira ndione."

Chikwama chinakakhala kuseri kwa chitseko, chomangabe. Sindinachikhudze, ndipo posesa ndinkachizungulira.

Anausamala mpiruwo kuposa mmene anatisamalira ife tili ana. Anauthira manyowa, anauphimbira ndi udzu m'tsinde, ndipo nsabwe za m'masamba zitabwera anazithira phulusa tsamba ndi tsamba. Patapita masiku, timitu tobiriwira tinayamba kusuzumira m'mbali mwa thunthu. Anandiitana ndili m'kati motsuka mbale. Pamene panali mutu umodzi panatuluka nthambi zambirimbiri.

Apa ndiye panali ntchito ina. Munthu amene wakhala akuthyola mphukira kuyambira ali mnyamata, zala zimapita zokha. Ndinkawaona kudzera pawindo la khitchini, dzanja likunyamuka kulunjika ku mpiru, iwo n'kulibweza ndi linzake. Mapeto ake ankakhalira manja onse awiri pa chidebe chija.

"Ababa, manja ali kuti?" ndinkafuula.

"Ndawamanga, aphunzitsi."

Maluwa anabwera ochuluka moti pakonapo panali chikasu chokhachokha, njuchi zili ng'ung'ung'u, ndipo wopita kubafa ankadutsa chammbali. Timakoko titayamba kukhwima, mbalame zinazindikira. Ababa anatenga neti yakale ya udzudzu n'kuphimba, n'kumanga m'munsi ndi luzi, mfundo zake zija zosokera fodya. Dzanja lofooka lija ndi limene linkagwira luzi.

Tinakolola dzuwa la Okutobala litafika poswa mtengo. Tinakhala pamthunzi wa khitchini, lichero lili pakati, tikufikisa timakoko touma m'manja. Timbewu tinkagwa tili waa. Nditapeta, ndinalowa m'nyumba kukatenga kabotolo kofiirira kaja. Ababa atakaona anatambasula dzanja, n'kukatembenuza, n'kuyang'ana chotsekera chake chimene chinali cha chitsononkho.

"Aka ukakatenga kuti?"

"Patsindwi la khitchini ya amayi."

"Kabotolo kanga ka mbewu ya fodya aka! Ndinakafunafuna mpaka kugwetsa zinthu m'chigafa. Amayi ako akuti, ine sindinakaone, funsani ana anu." Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mapewa akugwedezeka. "Ndiye mbewu yanga anaitaya kuti mayi ameneyu?"

Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kusiya. Ndinawaleka. Kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, anatapa phulusa pang'ono, n'kuyamba kuthira mbewu m'kabotolomo okha. Kanadzaza mpaka m'khosi, ndipo mu lichero munatsalabe yambiri.

Mpaka lero dimba lija ndi la anthu awiri, ngakhale ndikayang'anitsitsa ine ndangotsala wotunga madzi. Anzanga akabwera kudzapempha mbewu, ababa amawafunsa mafunso ngati ofunsira mbeta, ndipo sapereka mpaka munthu alonjeze kuti asiyako mtengo wa maluwa.

Koma madzulo a tsiku lokololalo ndi amene sindiwaiwala. Mchimwene wanga anaimba foni kuti kumapeto kwa sabata adutsira kumudzi asanabwere kudzationa. Ababa anakweza dzanja kuti ndisadule. Maso anga anapita ku chikwama cha kuseri kwa chitseko chija.

"Umuuze alowe m'chigafa," anatero. "Kumanzere kuli khasu langa laling'ono ndi kheni yothirira nazale. Abwere nazo. Kakhasu kakoka kandipweteka msana, ndipo bedi la chaka chamawa ndikufuna ndiliyambe msanga."