Tinapita Kukagula Pikapu, Tinabwera ndi Mipando Iwiri

Tinanyamuka kumudzi kwathu, kuseri kwa Chamama, Lachiwiri dzuwa litangotuluka, ine ndi alamu anga a Mwale, amuna a mlongo wanga. Unali mwezi wa Ogasiti, wamphepo ndi fumbi, zigafa zili pululu chifukwa fodya yense anali atapita kale ku okushoni. Chaka chimenecho fodya anatikomera mtima. Mabanja atatu, langa, la mlongo wanga ndi la mng'ono wanga, tinasonkha K19 miliyoni, ndipo tinamanga mfundo imodzi: tigule pikapu. Izinyamula mabelo ndi feteleza, koma makamaka izinyamula amayi. Amayi ali ndi matenda a shuga, maondo awonso anatha ntchito, ndipo mwezi uliwonse amayenera kukaonana ndi adokotala ku boma. Ulendo umenewo unkawazunza. Ankabwerako miyendo itatupa, n'kugona masiku awiri osadzuka.

Anasankha ine chifukwa ndinayendetsapo thalakitala pa esiteti zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye pamudzi amanditenga ngati katswiri wa chilichonse chokhala ndi injini. Alamu anawatuma kuti azindiyang'anira. Akanatuma mbuzi mwina zikanayenda bwinoko, chifukwa a Mwale amavomera zilizonse bola wolankhulayo watchena.

Kabaza mpaka pa Chamama anatidya K4,000 aliyense. Pa Chamama tinakwera matola ya K7,000, anthu khumi m'kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri, bondo la alamu lili m'nthiti mwanga mpaka ku boma. Cha m'ma 9 koloko tinali m'minibasi ya ku Lilongwe, K13,000 aliyense. Pambali panga panakhala mayi wina wogulitsa mtedza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Abambo, fodya walowa eti?"

"Mwadziwa bwanji, mayi?"

"Nsapato zatsopano, zikhadabo zakuda. Mugwire matumba. Ku Lilongwe amakununkhizani mukadali pa Lumbadzi."

Tinaseka. Pa Mponela ndinamugulira mbatata yootcha ya K1,000, ndikudziona wochenjera kwambiri.

Tinafika m'tauni dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kuzungulira m'malo ogulitsira magalimoto akale. Pikapu yoyamba inali K27 miliyoni. Yachiwiri, yadzimbiri moti pansi pake munthu ankatha kuona dothi, inali K23 miliyoni, osachotsera. Wogulitsa wina anatiuza mosabisa kuti pikapu situtsika mtengo, makamaka nyengo ino pamene mlimi aliyense wa fodya akuifuna. Pofika 2 koloko tinali titayenda malo anayi, nsapato zatsopano zija zitandichekula zidendene. Ndinali nditataya mtima. Ndinkaganiza za manyazi obwerera kumudzi chimanjamanja.

Pa malo achisanu m'pamene ndinaiona. Inali pansi pa mtengo, yofiira, ya zitseko ziwiri, yaifupi moti denga lake linkandilekeza m'chiuno. Mnyamata wogulitsa, wonunkhira perefyumu, anati dzina lake ndi Jimi, ndipo anaona kumene maso anga anapita.

"Imeneyo ndi spoti, bwana, ya ku Jeremani. Yatsopano simungaigwire ndi K100 miliyoni. Amene anaibweretsa kuno anaigula K40 miliyoni. Lero ndikupatsani pa K17 miliyoni."

"Yatsika chonchi bwanji?"

"Mwiniwake akufuna ndalama mwachangu. Tayesani kaye, kuyesa n'kwaulere."

Ndinalowa mochita kudzipinda. Nditaliza injini, phokoso lake ndinalimvera pachifuwa. Tinatuluka ndi Jimi mpaka pa msewu wosalala wa kunja kwa tauni, ndipo nditangoponda pang'ono, mpando unandikankha kumsana, mitengo n'kuyamba kuthawira kumbuyo. Ndinene zoona: ndinakondwa. Ine munthu wa thalakitala, wozolowera kupitiriridwa ndi njinga, tsiku limenelo ndinapitirira galimoto za mabwana. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, koma ndinaseka ndekha ngati mwana.

Titabwerera, ndinawakokera alamu pambali. Ife kwathu timadziwa malonda amtundu umodzi. Chimanga timagula mu Meyi chikatchipa, n'kuchisunga, mu Januwale n'kuchigulitsa pamtengo wowirikiza. Ng'ombe timagula kwa munthu amene wapanikizika, n'kuiweta, mtengo n'kukwera. Chinthu chikatsika mtengo, gula, sunga, chidzakwera. Nzeru imeneyi inatilera, ndipo sinatinamizepo.

"Alamu, chinthu cha K40 miliyoni pa K17 miliyoni. Tikachisunga mpaka Disembala, ngakhale titachitaya pa K26 miliyoni, pikapu ija tagula. Pakadali pano amayi aziyendera yomweyi."

"Mutu wanu umagwira, alamu," anatero a Mwale.

Foni inali m'thumba, mayunitsi analimo. Sindinamuimbire mlongo wanga chifukwa ndinkadziwa chimene akanayankha. Tinakambirana ndi Jimi mpaka K16.5 miliyoni, ndipo tinathamangira ku banki asanatseke.

Lachitatu lonse linathera pa mizere ya mapepala osinthira umwini ndi inshuwalansi. Wa inshuwalansi atamva kukula kwa injini anaimba mluzu, n'kutchula mtengo umene unandiumitsa pakamwa. Zonse pamodzi zinadya K900,000. Tinagona masiku awiri pa resitihausi ya K15,000, bedi limodzi, alamu akuliza mkonono.

Lachinayi m'mawa tinakhala maola awiri pa mzere wa petulo. Kudzaza thanki kunatenga K180,000. Katundu wathu anali zikwama ziwiri ndi belo la shuga la mabanja atatu. Kumbuyo kunangolowa zikwama, shugayo alamu anamufukata pamiyendo.

Pa Lumbadzi tinakumana ndi hampu yoyamba. Ndinachepetsa liwiro ngati wopita kumaliro, komabe pansi panamveka khwee! Mahampu otsatira ndinkawakwera chammbali, minibasi zikundiimbira hutala kumbuyo. Pofika pa Mponela, kasingano ka mafuta kanali katatsika kale moonekeratu. Ndinakagogoda ndi chala poganiza kuti kafa, koma kanali bwinobwino.

Titatsala pang'ono kufika pa Madisi, cha m'ma 11 koloko, tayala lakutsogolo linalowa m'dzenje limene minibasi yathu inadumpha popita osamva n'komwe. Linaphulika. Tinatsegula kumbuyo, tinasuzumira pansi, tayala lapadera panalibe, ngakhale malo ake. Tinaikankha mpaka pa galaja ya m'mbali mwa msewu, ya bambo wina wachikulire, a Chirwa. Iwo sanayang'ane tayala. Anayang'ana nambala, kenako ine.

"Ndinu a fodya?"

"Eya, a ku Chamama."

"Galimoto iyi ndikuidziwa. Aka ndi kachitatu kuima pano. Chaka chatha inali ndi mlimi wina wa ku Santhe, chaka cham'mbuyo mwake inali ndi wina wa ku Simlemba. Imakwera mu Ogasiti ikuyenda yokha, mu Januwale imatsika ili pa lole."

Alamu anayamba kuyang'ana nkhuku zimene zinkadutsa.

Tayala la mtundu umenewo pa Madisi panalibe, ku boma kunalibenso. A Chirwa anaimba foni ku Lilongwe, napeza logwiritsidwapo ntchito la K350,000, loti libwere pa minibasi. Tinadikira maola anayi pansi pa mthethe, tikudya chipisi chozizira ndi nyama ya mbuzi yolimba ngati lamba. Nthawi yonseyo mkuluyo ankandiphunzitsa mwaulemu, akupukuta manja ndi kansanza. Matayala akewo, akuti, pa misewu yathu satha chaka. Oyilo wake si wa pa golosale. Mabuleki ake amachita kuitanitsa kunja, ndipo amafuna madola. Ikayatsa kagetsi kofiira, makaniko woidziwa ali ku Lilongwe, ndipo kungoilumikiza ku kompyuta kokha ndi mtengo wa matumba awiri a feteleza.

"Mtengo mwagulirawo ndi wolowera chabe, bambo," anatero. "Kulipira kwenikweni mwayamba lero."

Tinawoloka Bua dzuwa litapendeka, tinadutsa pa Chinkhoma pamene mabelo athu amatulukira chaka ndi chaka, ndipo tinagona ku boma kwa msuweni wanga. Pa nsonga ya lilime panali mawu oti tibwerere kwa Jimi, koma ndinkadziwa kuti mapepala tinasaina, ndipo foni yake inali itasiya kale kuyankhidwa.

Lachisanu tinalowa msewu wafumbi cha m'ma 7 koloko. Ulendo umene matola amayenda ola limodzi ndi theka unatitengera maola anayi. Alamu ankatsika n'kutsogola wapansi, kuchotsa miyala ndi kundilozera poponda. Anatipitirira a njinga zamakala. Inatipitirira ngolo ya ng'ombe ziwiri, mwini wake n'kutifunsa ngati tikufuna chingwe. Minda inali mbee mbali zonse, mapesi a fodya ali chilili, fumbi likulowa m'galimoto ngakhale mawindo anali otseka. Bampa yakutsogolo inatsala pa kamlatho kena, ndipo tinaimangirira pamwamba ndi linya.

Pa Chamama ndinaima pa sitolo ya a Saidi, ogulitsa malata ndi simenti, amene amagulanso magalimoto akale n'kumagulitsa. Anali bwenzi la malemu bambo anga. Ndinawapeza akutseka kuti apite ku mzikiti. Anaizungulira kamodzi, manja ali kumbuyo, ndipo ndinawafotokozera nzeru yanga ya Disembala.

"Mwanawe," anatero mofatsa, "chimanga chimakwera chifukwa mu Januwale aliyense ali ndi njala. Iyi ndani adzaimvere njala? Ikaima imatsika mtengo, ikayenda imatsikanso. Chaka chilichonse ikukalamba, ndipo oifuna akuchepa."

"Nanga inu mungaigule zingati?"

"Sindikuifuna. Koma chifukwa cha bambo ako, K7 miliyoni. Ubwere mu Januwale, ndidzatchula zochepera apo."

M'masiku atatu okha, ndalama zoposa theka la thukuta la mabanja atatu zinali zitasungunuka, galimotoyo isanafike n'kumudzi komwe.

Kunyumba sitinafike nayo. Kanjira ka kwathu kali ndi msana pakati, wokumbidwa ndi mawilo a ngolo, ndiye tinaima pa bwalo la tchalitchi. Alamu anali atatumiza kale chithunzi pa foni, moti tinapeza anthu atadzaza. Azimayi ena analulutira. Mlongo wanga sanalulutire. Anawerenga mipando ndi maso, anayang'ana kumbuyo kumene kunayenera kukhala mabelo, n'kupinda manja pachifuwa. Mng'ono wanga anangotembenuka n'kumapita.

Kwathu galimoto yatsopano ikafika, mkulu wa mpingo amaipempherera, kenako woyamba kukwera amakhala kholo. Amayi anali atabwera pa ngolo, atavala chitenje chimene amasungira maukwati. Pemphero litatha, anayenda ndi ndodo yawo mpaka pa chitseko, akumwetulira, ndipo ndinawatsegulira.

Mpando unali pansi, pafupifupi pa dothi. Anandipatsa ndodo, anagwira denga, n'kuyesa kupinda bondo. Linakana. Anatembenuka kuti alowe chammbuyo, ine nditawagwira m'khwapa, ndipo anatsika pang'ono, pang'ononso, mpaka ndinamva thupi lawo lonse likunjenjemera m'manja mwanga. Thukuta linatuluka pamphumi. Panatsala mpata wa dzanja limodzi ndi theka kuti akhale, koma mpata umenewo maondo awo sakanautha, ndipo akanakhala sakanadzukanso.

Anayandikitsa pakamwa ku khutu langa.

"Maliko mwananga, ndidzutse bwinobwino, anthu asaone kuti ndalephera. Uwauze kuti ndikuopa liwiro."

Ndinawadzutsa. Ndinawabwezera ndodo. Kenako ndinakweza mawu n'kunena kuti amayi akana, akuti galimoto yothamanga chonchi ingawaulutse mpango.

Pa ulendo umenewu ndinaphunzira kuti pali zinthu zina zimene zimatchipa chifukwa eni ake akuzithawa, ndiponso kuti munthu akamaopa kuimbira foni abale ake, amakhala akudziwa kale kuti akulakwa. Koma zimenezo ndinaziganiza pambuyo pake. Pa bwalo paja ndinangoima, makiyi ali m'manja, anthu akuseka bodza langa. Amene anaseka kwambiri kuposa onse anali amayi, kuti anthu akhulupirire. Pa zonse zimene galimoto imeneyi yandidyera, palibe chimene chimandiwawa ngati kuseka kumeneko.