Mpeni wa M'khola la Atsibweni

"Dzimbiri usamalikhulupirire, mwana iwe, limachita kupangidwa." Anandichenjeza choncho ndi atsibweni, alongo awo a amayi, ndipo ndi mawu okhawo oona amene ndinawamva pakamwa pawo.

Chinali chaka chimene madzi a Shire anatilanda nyumba ndi munda. Amayi anangopulumutsa ine ndi mpeni wa malemu agogo, wotumbulira milamba, chigwiriro chake chitada bii ndi mafuta a nsomba. Tinakakhala kwa atsibweni ku Mbenje.

Atsibweni anali osula zitsulo, koma makasu olimira anali atawasiya. Kunkabwera bambo wina wa ku Blantyre wogula zitsulo zamakedzana, ati alendo amakazipachika pakhoma. Zamakedzanazo zitatha m'mudzi, atsibweni anayamba kuzisula okha. Ankatola zitsulo za galimoto zakufa n'kusulamo mipeni, nkhwangwa ndi timakasu, akuzipinda dala kuti zioneke zotopa. Akatero ankazithira mchere n'kuzikwirira m'khola la ng'ombe, pamalo pamene mkodzo umadikha.

Kufukula inali ntchito yanga. Kutentha kwa kuno mukukudziwa. Ndowe zinkachita thovu, mphutsi zikuyenda pakati pa zala, ntchentche mpaka m'kamwa. Fungo linkakanirira m'zikhadabo ngakhale nditsuke ndi phulusa. Mpaka lero ndikaona munthu akusisita chitsulo chakale moyamikira, fungo la khola lija limandibwerera m'mphuno.

Tsiku lina bambo wa ku Blantyre uja ananunkhiza mpeni wina n'kuseka. "Madala, agogo anu ankagona ndi ng'ombe? Ndikufuna weniweni." Maso ake anali pa mpeni wa amayi, umene unali palichero.

Amayi anangoti, "Umenewo ayi."

Mwezi usanathe ndinafukula mpeni wofanana nawo ndendende. Atsibweni anauika chigwiriro, anauyanika pautsi, n'kuupaka mafuta a mlamba. Bamboyo atabweranso, wa agogo unapita m'thumba lake, wa m'khola n'kutsala palichero. Ndinaona ndi maso angawa.

Ndinathamanga kukauza amayi. Anaunyamula, anauyesa kulemera m'dzanja, n'kuyamba kutumbulira nsomba.

"Tseka pakamwa. Uwu ndi wa agogo ako."

Nsomba imeneyo sindinadye, inkandinunkha khola. Ndinkati amayi ndi opusa, munthu wanji wosazindikira mpeni wa mayi ake omubereka. Sindinkadziwa kuti dzanja lawo linali litazindikira kale ine ndisanatsegule pakamwa. Koma denga linali la atsibweni, ndipo kwina koti apite nane kunalibe.

Pano ndimakhala ndekha, adzukulu ali ku Chikwawa ndipo amabwera pokhapokha akafuna kanthu. Inu aneba, mukamadutsa muzindizondako, muone ngati ndadzuka. Odi wanuyo muzichitira pabwalo pomwepo. M'nyumba musalowe, ndituluka ndekha. Chibedwereni mpeni uja, sindilola munthu kuyandikira zinthu zanga.