Thumba la Radi ndi Manja a Amalume

Linali thumba la mpunga wa ku Hara, long'ambidwa mbali imodzi, lopakidwa penti wofiira amene anatsala pa chitseko cha golosale. Pamsana pake anyamata anajambulapo mphezi ndi polishi wa nsapato. Linkanunkha mankhusu ndi thukuta la ana onse a mumzere wathu, ndipo chingwe chake chinkadula pakhosi. Nditalipeza lero sindingapondepo ngakhale pochoka kubafa. Koma chilimwe chimenecho, ndili Sitandade 4, ndinkalifuna kuposa nsapato za pa Khirisimasi.

Tinkakhala pa Uliwa, kuseri kwa magolosale, ine ndi amayi, m'nyumba ya amalume. Amalumewo ankaphikira antchito kumgodi wa Kayelekera ndipo ankabwera kumapeto kwa mwezi. Ndiwo anagula TV, deki ndi batire la sola, n'kumaziika pakhonde Loweruka masana kuti ana azionera ulere. Ma CD ankawapeza kwa bambo wina wa ku Mangochi amene ankaoda katundu ku Kyela. Mwa ma CD onsewo, ife tinapenga ndi makatuni a Radi.

Radi anali chimunthu chovala nsalu yofiira kumsana, chifuwa ngati thumba la simenti, kamutu ngati ndimu. Ankauluka, ankatulutsa mphezi m'zala, ndipo pofuna kupulumutsa mwana mmodzi ankagwetsa nyumba khumi. Palibe tsiku limene ndinamuona akubwerera kukathandiza eni nyumbazo kuumba njerwa. Ife tinkaomba m'manja basi. Mdani wake wamkulu anali Majivu, woonda, wa khungu lotuwa la mawangamawanga, amene chilichonse akachigwira chinkasanduka phulusa. Mankhwala ake anali madzi. Gawo lililonse linkatha Radi atamuthira madzi, iye n'kusungunuka akukuwa, ndipo gawo lotsatira ankabweranso ali bwinobwino, akuseka.

Chizungu cha m'makatunimo sichinkamveka. Pamwamba pake pankalankhula m-Tanzania wina amene ntchito yake inali kufotokoza nkhaniyo m'Chiswahili, ndipo ankaseka, kutsokomola, kutukwana ndi kuthiramo zake. Ife Chiswahili tinkachitola kwa madalaivala a malole, chokwanira kumva zachabe. Munthu ameneyo ndiye anatiuza kuti Majivu anatuwa chifukwa anagwera m'dzenje la mgodi. Ndiyenso anatiphunzitsa mfuu ija ya pothira madzi, "Majivu, rudi shimoni", kutanthauza kuti abwerere kudzenje kwake. Tinkaiimba kusukulu, kumjigo, ngakhale potuluka m'tchalitchi.

Amalume anali ndi mawanga oyera m'manja, pakhosi ndi m'mbali mwa milomo. Amayi ankati anayamba kutuluka ali mnyamata woweta ng'ombe, mgodi usanalotedwe n'komwe, ndipo bambo awo anali nawonso. Sankayabwa, sankapweteka. Tikamaliza kuonera, amalume ankafunda bulangete lotuwa n'kukhala Majivu wathu. Ankatithamangitsa kuzungulira mtengo wa mango manja ali m'mwamba, ife tili ndi mabotolo oboola pachivindikiro, ndipo madzi akawakhudza ankadzigwetsa m'fumbi n'kumaphupha mpaka ife misozi ya kuseka. Amayi akawadzudzula kuti munthu wofuna kukwatira sagubuduka pansi, ankangoti, "Ukaipa dziwa nyimbo, mlongo wanga."

Ankafunadi kukwatira. Mkaziyo anali aphunzitsi athu a Sitandade 4, kwawo ku Hara. Thenga, munthu woyendetsa nkhani za ukwati, anali atapitako kawiri, ndipo ng'ombe zoyamba za malowolo zinali kale m'khola la bambo awo. M'kalasi aphunzitsiwo ankandilanga ngati wina aliyense, koma tikakumana pamsewu ankandikonza kolala ya yunifolomu n'kundifunsa ngati ndadya. Ndinkawakonda. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti ndinachita zimene ndinachitazo chifukwa cha chidani. Chifukwa changa chinali chopusa kuposa pamenepo.

Pamasewera athu, thumba lofiira linkavalidwa ndi anyamata okha. Atsikana ntchito yathu inali kukwera mumtengo n'kumakuwa kuti Radi adzatipulumutse. Ine ndinkathamanga kuposa onsewo, TV inali ya pakhomo pathu, koma ndinkakhala panthambi ngati mleme, nyerere zikundiluma, kudikira kuti kamnyamata ka mamina kabwere kudzandiombola. Ndinapempha, ndinalira, ndinaopseza kuti ndibisa rimoti. Anandiuza kuti Radi savala diresi.

Kenako kunagwa chitopa. Nkhuku zinkayima khosi lili pansi, mapiko ali lende, m'mawa mwake n'kupezeka zitauma. Pa Uliwa ponse pankanunkha nthenga zowauka. Loweruka lina amalume ananyamula thadzi lathu lakuda, analitsegula mlomo kuti aone kukhosi, n'kupukusa mutu. Lamulungu m'mawa linali litafa. Nkhuku za anthu onse zinkafa, zogwiridwa ndi zosagwiridwa, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo monga ndinkadziwira dzina langa. Koma Lolemba pabuleki ndinaitana anyamata kuseri kwa kalasi n'kuwauza motsitsa mawu kuti amalume anga si oyerekezera ayi, ndi Majivu weniweni. Ndinati ndinaona ndi maso anga, anangoligwira thadzilo, nthenga n'kuyamba kutuwa. Ndinawonjezera kuti kunyumba ali ndi mbale yawoyawo. Tsiku lomwelo ndinavala thumba.

Ana ndingawakhululukire. Amene amandinyansa mpaka lero ndi akuluakulu a pa Uliwa, anthu a ndevu ndi ana, amene ankabwera pakhonde pathu ati kudzaitana ana awo, n'kuima pamenepo mpaka CD kutha, kukamwa kuli yasa. Ometa tsitsi ndi akabaza ankatha masana onse kukangana ngati Radi angamugonjetse Majivu m'chipululu mopanda madzi. Anthu otere bodza la mwana wa zaka zisanu ndi zinayi linawakwana ngati chipewa. Sabata isanathe, kumjigo kunkamveka kuti chitopacho chinabwera m'manja mwa munthu. Ena ankati mawanga aja amalume anawatenga kudzenje la mgodi, ndipo ana awo adzabadwa otuwa. Palibe amene anafunsa kuti wophika nyemba kukhitchini amakatani kudzenje. Amalume atabweranso, amuna amene ankamwa nawo tiyi ankapereka moni manja ali m'thumba.

Mphekesera simalipira basi. Inafika ku Hara, ndipo bambo a aphunzitsi anatumiza mawu kuti abwera okha kudzaona.

Anafika Loweruka dzuwa lili pamutu, panjinga, atavala jekete m'kutentha kumene kunkasungunula phula la pamsewu. Nkhuku yowaphera panalibe, choncho amayi anaphika nsomba ya batala ndi mpunga. Amalume anavala shati yoyera ya manja aatali n'kumanga mabatani mpaka pakhosi. Anakhala pansi pa mango, mkuluyo pampando, amalume pabenchi, akulankhula Chitumbuka chapansipansi. TV tsiku limenelo inali m'nyumba, itavindikiridwa ndi nsalu.

Anzanga anafika pa nthawi yawo ya masiku onse n'kupeza khonde lili mbee. Anakwiya monga amakwiyira anthu ozolowera zaulere. Wina anati Majivu waba Radi. Tinapita kuseri kwa lesitilanti, kumene kunkayenda madzi otsukira mbale, akuda, a mafuta ndi mamba a nsomba, n'kudzaza mabotolo. Mmodzi anandimanga chingwe pakhosi n'kundikumbutsa kuti wovala thumba ndiye amatsogolera. Ndikanatha kulivula. Linali ndi mfundo imodzi yokha.

Tinatulukira pakona tikuimba mfuu ija. Madzi anga ndiwo anayamba kufika, pachifuwa pa amalume penipeni, ndipo ndikukumbuka mmene shatiyo inamatirira pathupi mpaka mawanga a pamapewa kuonekera. Ndinaima kudikira kuti adzigwetse. Sanagwe, sanaseke. Anangotsitsa maso n'kuchotsa mamba a nsomba pa batani ndi chala. Anzanga anathawira kumpanda n'kumasuzumira.

Mkulu uja anatulutsa kampango, anapukuta nsapato yake, kenako anandikodola. "Zanga kuno, mama." Bwera kuno. Anati iye wamva zambiri kwa akuluakulu, koma akuluakulu ali ndi nsanje, pamene mwana wa m'nyumba sanama. Anandifunsa ngati thadzi lija linafadi amalume ataligwira. Ndinavomera. Anafunsanso ngati ndinaona nthenga zikutuwa ndi maso anga. Amayi anali pakhomo la khitchini ndi beseni la madzi osamba m'manja. Amalume ankandiyang'ana mopanda mantha, ngati munthu amene wafika poti apume, chifukwa mwana wa mlongo wawo ndiye wafunsidwa. Kumpanda kunali maso asanu ndi atatu.

"Enya," ndinatero. Inde.

Mkuluyo sanadye. Anathokoza amayi mwaulemu wonse, anakweza dzanja patali kwa amalume, n'kukwera njinga. Amayi sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanatero. Anandimasula chingwe pakhosi mofatsa, anaponya thumbalo padenga la khola lopanda nkhuku, n'kundifunsa mawu awiri okha: "Wakhuta sono?" Amalume anachapa okha shati yawo. M'mawa mwake, akupita kukakwera galimoto, anandisisita pamutu ndi dzanja lomwelo n'kunena kuti, "Muphwa wane, mwana wa mlongo wanga, deki uziivindikira, fumbi limaononga."

Ng'ombe zinabwezedwa Lachinayi. Zinadutsa m'mphepete mwa msewu, pakati pa Uliwa, masana, akabaza akuimba malikhweru. Ndinamva amayi akuuza mnzawo kuti aphunzitsi analira, anakana kudya, anauza bambo awo kuti mawanga si matenda opatsirana, koma anayankhidwa kuti mwana wa m'nyumba momwemo wachitira umboni. M'kalasi ankachonga kope langa osandiyang'ana. Kolala yanga inkakhala yopindika tsiku lonse. Teremu itatha anasamutsidwa, ndipo sindinawaonenso.

Chaka chatha ndinawapeza makatuni aja pafoni, a Chizungu chake, opanda m-Tanzania. Mulibemo mgodi. Majivu, amene dzina lake lenileni ndi lina, anali wozimitsa moto amene anapsa populumutsa anthu m'nyumba yoyatsidwa ndi mphezi ya Radi yemweyo. Za dzenje zija munthu uja anangozipeka, mwina kuti asakhale chete pamene sankamva Chizungu. Pansi pa kanemayo panali ndemanga zambirimbiri za anthu akuluakulu, ena a imvi pazithunzi zawo, akutukwanizana za mdani amene anali woopsa kuposa mnzake, ena akulumbira kuti Radi anawalera. Anawaleradi, zikuoneka. Ndinaona akabaza a pa Uliwa omwe aja, kungoti awa ali ndi mabandulo. Ndinatsala pang'ono kulemba mawu owanyoza, koma ndinakumbuka kuti palibe mmodzi wa iwo amene anathirapo amalume ake madzi a mamba.

Amalume sanakwatire. Mgodi utatsekedwa anapita ku Mbeya, kumene amaphika mpaka pano. Ndinawapepesa pafoni ndili kale ndi mwana wanga, ndipo anaseka n'kunena kuti za thadzi sakuzikumbuka. Amanama mokoma kuposa ine.

Koma zonsezi ndi nzeru za lero. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndalakwitsa chinthu chimodzi chokha, kutunga madzi akuda pa shati yoyera. Mwezi utatha ndinakwera pakhola kutsitsa thumba lija, ndinalikuntha, ndinapinda bulangete lotuwa n'kuliika pabenchi. Botolo langa ndinalitsuka ndi mchenga n'kudzazamo madzi a pamjigo, oyera, oti munthu angamwe. Ndinakhala m'mbali mwa msewu kuyang'ana minibasi iliyonse yochokera ku Boma, Loweruka limenelo ndi lotsatira, mpaka mvula yoyamba. Sindinkada nkhawa kwenikweni. Ndinali nditaona magawo onse, ndipo ndinkadziwa kuti wothiridwa madzi amasungunuka lero, sabata yamawa n'kubwera ali bwinobwino, akuseka.