Magolovesi a Malume

Malume amagulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu, ndipo amakhulupirira kuti munthu wa zikhadabo zoyera ndi waulesi. Zaka zitatu zapitazo anadwala matenda a magazi, madokotala n'kunena kuti akufunika kuwaika mafuta a m'mafupa a munthu wina. Pa abale onse amene anayezedwa, wa mafuta ogwirizana ndi thupi lawo anapezeka kuti ndi amayi anga, mlongo wawo, amene akhala akukangana nawo kuyambira ali ana.

Powatulutsa m'chipatala, adokotala anawauza kuti chitetezo cha m'thupi mwawo chidzakhala chofooka kwa zaka, moti mabakiteriya amene ena sawamva n'komwe angathe kuwapha iwo. Azimwa mapiritsi tsiku lililonse, asagwire dothi kapena manyowa opanda magolovesi, ndipo thupi likangotentha athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Malume anavomera zonse mwaulemu, chipewa chili m'manja.

Chaka choyamba anamvera. Chachiwiri tsitsi linamera, mimba inabwerera, ndipo anayamba kuuza makasitomala kuti tsopano ali ndi magazi a mkazi amene sanagonepo m'chipatala chibadwire, ndiye kachilombo kangawatani? Magolovesi anawapachika pamsomali, oyera ngati a mkwati. Ankawatsitsa tsiku lokaonana ndi adokotala lokha, n'kuwasisita pang'ono pansi kuti aoneke ogwiritsidwa ntchito, kenako n'kuwaika m'thumba la malaya, zala zake zikusuzumira kunja.

Mwezi wathawu munga wa duwa unawabaya chala. Anangoyamwa magaziwo n'kupitiriza kusakaniza manyowa. Patapita masiku awiri anafika kwathu masana, dzuwa likuswa mtengo, atavala jekete. Anati ndi fashoni. Kapu ya madzi inkagunda mano awo, ndipo dzanja lamanja analibisa m'thumba.

Amayi anawauza kuti atulutse dzanjalo. Chala chinali chitatupa, ndipo kamzere kofiira kanali katakwera kupitirira pamfundo. Malume anati n'kachimfine chabe, ndipo munthu amene analengeza msewu wonse kuti anachira sangakagonenso pabedi la odwala, anthu angamuseke.

Amayi sanakweze mawu.

"Achimwene, mafuta mukuseweretsawo ndi a ndani?"

"Munandipatsa, achemwali. Mphatso salanda."

"Anandibaya m'chiuno, sabata yonse ndikuyenda ngati bakha. Ngati mwatopa ndi moyo, chabwino, koma anga aja simupita nawo kumanda. Nyamukani."

Anagona m'chipatala masiku khumi ndi awiri, mankhwala akulowa m'mitsempha. Adokotala anati mabakiteriya anali atalowa kale m'magazi, ndipo akanachedwa tsiku lina limodzi tikanakamba zina. Atafunsa za magolovesi, malume anatseka maso ngati agona.

Pano abwerera ku mbande zawo. Amauza makasitomala kuti tizilomboto tinathawa titamva mawu a mlongo wawo, ndipo sakutidabwa, chifukwa naonso akhala akuwathawa mawuwo zaka makumi asanu. Amayi anasamutsa mpando wawo ndi zoluka zawo n'kukhazikika pansi pa mtengo, moyang'anizana ndi mulu wa manyowa. Akuti akulondera katundu wawo.

Magolovesi aja tsopano ada, ndipo limodzi labooka pachala chachikulu. Amayi agula kale ena.