Buku Limene Ndinaletsedwa Kubwereka

Dandaulo langa loyamba ndinapereka Lachisanu lomaliza Khrisimasi isanakwane, chaka chimene ndinamaliza Fomu 1. Kope lake lili patebulo pano. Ndi pepala lothothola m'kabuku ka kusukulu, zilembo zake zabuluu za kaboni, ndipo pakona pali banga la mafuta a mandasi. Lachiwiri ndinapereka mu Januwale, lachitatu cha pa Isitala. Ili ndi lachisanu ndi chinayi. Lero ndine mkulu wa mpingo, imvi zayamba kuoneka, ndipo anzanga amati ndimakakamira tinthu tating'ono. Aweruze okha ngati aka ndi kanthu kakang'ono.

Chimene ndikufuna ndi buku. Chikuto chake ndi katoni ya sopo, masamba ake khumi ndi awiri, osokedwa pakati ndi ulusi wakuda. Ndinalemba ndine, ndinasoka ndine. Pachikuto ndinamatapo chithunzi cha bambo anga, ndipo chithunzi chawo china kulibe.

Masiku amenewo sukulu zinkatsekera mvula ikuyamba, ndipo tchuthi chachikulu chinkatipeza tikungoyendayenda m'Kawale, kugenda mango ndi kutola ngumbi. Chaka chimenecho laibulale yaing'ono ya kwathu inaitana achinyamata. Chinali chipinda chimodzi chachitali cha malata, chonunkha fumbi ndi polishi wa pansi. Bambo oyang'anira, munthu wamfupi wa magalasi omanga ndi waya, anatipatsa aliyense kakhadi. Ukamaliza buku unkawafotokozera zimene wawerenga, iwo n'kudinda chidindo pakakhadipo. Chidindocho chinkalira ngati munthu waponda thabwa. Kakhadi kanga ndili nako, zidindo zisanu ndi ziwiri.

Sabata yachitatu kunabwera aphunzitsi ena achizimayi kudzatiphunzitsa kupanga mabuku athuathu. Anatiuza kuti pa tsiku lotsekera makolo adzaitanidwa, nkhani zathu zidzawerengedwa pagulu, kenako aliyense adzatenga buku lake kunyumba. Mawu awo ndimawakumbukira bwino: "Musapeke za ndege ndi za azungu. Lembani zimene mwaona ndi maso anu." Ine ndinamvera. Mpaka lero sindikudziwa ngati kumveraku ndiko kunali kulakwa kwanga.

Bambo anga anali atamwalira mu Juni. Ankawotcherera zitsulo ku Mchesi, mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo malaya awo onse anali ndi timabowo ta moto. Ndinalemba zimenezo. Ndinalemba mmene anayambira kutsokomola, mmene lamba wawo tinamuboolera mabowo ena atatu ndi msomali, mmene anzawo a kuntchito ankaimira pakhomo osalowa m'nyumba. Patsamba lomaliza ndinalemba kuti tsopano amayi nawonso ayamba chifuwa chonga chomwecho, ndipo Lachiwiri lililonse amakwera minibasi kupita kuchipatala cha kutali, koma kwa anthu amati akupita kukagula ufa. Ndinkanyadira tsamba limenelo. Ndinkaona kuti ndaonetsetsa bwino, monga aphunzitsi ananenera.

Chithunzi ndinachitenga m'Baibulo la amayi osapempha. Bambo anajambulitsa pa situdiyo, atavala jekete yobwereka, dzanja limodzi litagwira mpando. Ndinachimata ndi phala la ufa wa chinangwa, n'kuchipsinja ndi njerwa kufikira chitauma. Ndinkaganiza kuti amayi adzasangalala akadzachiona patebulo la kutsogolo, anthu onse akuyang'ana.

Amayi ankagulitsa mandasi pamsika, pafupi ndi poimira minibasi. Beseni limenelo ndilo linkatidyetsa. Lachitatu la sabata yomaliza, nditawabweretsera madzi, ndinapeza bambo a laibulale aja ataima pabeseni. Sanali kugula. Anali atavula chipewa, akulankhula motsitsa, ndipo amayi ankangopinda n'kupindanso nsalu yovundikira mandasi. Atandiona anasiya. Amayi anati, "Pita ukaone ngati nkhuni zanyowa." Kunali dzuwa loswa mtengo. Ndinapita ndithu kukaona nkhunizo.

Tsiku lotsekera mabenchi anadzaza. Amayi sanabwere, anati msika sungatsekedwe chifukwa cha nthano. Anabwera ndi amalume, achimwene awo a amayi, amene ankagwira ntchito yolemba makalata pa ofesi ina mtauni. Mtsikana wina wa ku Biwi anawerenga za mbuzi imene inadya yunifolomu yake, anthu anaseka mpaka kupukuta misozi. Mnyamata wina anawerenga za ulendo wa ku Ntcheu pa lole ya mbatata. Mayina anaitanidwa onse, aliyense analandira buku lake. Langa silinatchulidwe. Mvula inayamba kugwa pamalata, anthu anabalalika, ine ndikadali pabenchi ndi kakhadi kanga m'manja.

Ndinapita patebulo. Bambo a laibulale aja anatsegula kaundula wamkulu n'kundionetsa mzere wa pansi. Dzina langa linalipo, mutu wa buku langa, ndi nambala. "Lako lalowa m'kaundula, mnyamata," anatero. "Ladindidwa. Ndi katundu wa laibulale tsopano. Umenewu ndi ulemu, anzako sanaupeze." Ndinafunsa ngati ndingalitenge kunyumba. Anati buku la laibulale silituluka popanda khadi la obwereka. Ndinaonetsa kakhadi ka zidindo kaja. Anati kameneko ndi ka tchuthi. Khadi lenileni limafuna fomu yosainidwa ndi kholo, yodindidwa ndi a hedimasitala. Sukulu inali yotseka.

Ndinatuluka mutu uli zii. Kodi ndinali nditapambana kapena ndinali nditalandidwa? Amalume anandifunsa panjira chimene ndinalemba m'bukumo, ndipo ndinawauza zonse. Kenako anati, "Ngati ukuona kuti wakulakwira munthu, lemba. Koma usamapereke pepala popanda kusunga linzake." Anandipatsa kaboni wochokera m'chikwama chawo. Khalidwe langa losunga mapepala linayamba tsiku limenelo. Koma ndikayang'ana m'mbuyo, amalume sanapite nane kukapereka kalatayo, ngakhale anali munthu wosaopa ofesi iliyonse.

Kwa amayi ndinaulula kuti chithunzi chija ndinatenga ndine ndipo chatsekeredwa. Ndinkayembekezera mbama. Iwo anapitiriza kukanda ufa, osatukula mutu. "Zisiye, mwanangu. Nkhope ya bambo ako ndikuidziwa." Basi. Mayi amene anandikwapulapo chifukwa chotaya supuni sanandikalipire chifukwa cha chithunzi cha mwamuna wawo. Zimenezi zinandisokoneza kuposa za kaundula.

Mu Januwale ndinatenga fomu. A hedimasitala anadinda. Amayi sankadziwa kulemba, choncho anafunika kudinda chala, koma tsiku lililonse chala chinali ndi mafuta, kapena ufa, kapena anali atatopa. Anadinda patatha masabata atatu. Ndinathamanga nayo fomuyo, ndinalandira khadi, ndinatchula nambala ya buku langa. Bambo aja anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anati limeneli ndi la m'kabati, silibwerekedwa. Ndinati ndingoliwerengera pomwepo. Anati kiyi ali ndi akuluakulu. Ndinaloza kabatiyo, ya galasi lopaka penti, ili kumbuyo kwawo kwenikweniko. Anati, "Werenga ena, mwana wanga. Mabuku ndi ambiri muno." Ndikunena mosabisa, umenewu sunali mchitidwe wabwino. Mwana akafunsa chinthu chake amayenera kuyankhidwa zoona, osati kumuzunguliza ndi mafomu. Bambo amenewo ndinadana nawo zaka zambiri, ndipo atapuma ntchito ndinapitiriza kulembera amene anabwera pambuyo pawo. Mayankho awiri okha ndinalandira, onse akuti nkhaniyi aiona.

Amayi sanamwalire chaka chimenecho, kapena chotsatira. Mankhwala anafika, thupi linabwerera, beseni silinachoke pamsika, ndipo ogula sanasiye kugula. Ndi beseni lomwelo ndinamaliza sukulu. Anatisiya chaka chatha, ali ndi zidzukulu. Tikulongosola katundu wawo, m'Baibulo lija, pamalo enieni pamene pankakhala chithunzi, ndinapeza kapepala kopindidwa kanayi. Pali chidindo cha laibulale, nambala ya buku langa, ndi mawu a dzanja la bambo aja akuti, "Lisungidwe, lisawerengedwe." Pansi pake pali chala cha amayi. Chala chimenecho chinadinda bwinobwino, chopanda mafuta.

Ndakhala ndi kapepalaka miyezi ingapo ndipo sindikudziwa kuti mkwiyo wanga ndiuike pati. Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi sindinkadziwa kuti tsamba limodzi lowerengedwa pamaso pa anthu a m'Kawale likanatha kuumitsa beseni la mandasi m'sabata imodzi. Sindinkadziwa kuti masiku amenewo munthu ankagula kwa mnzake atayamba wamuyang'ana m'khosi ndi m'milomo poopa matenda. Koma bwanji sanangothothola tsambalo? Bwanji sanamatule chithunzi n'kuwabwezera amayi? Kapena anayesa, phala la chinangwa lija n'kukana, poti ndinalipsinja ndi njerwa? Kapena amayi sanafune kuti ntchito ya mwana wawo ing'ambidwe? Onse atatu amene akanandiyankha, amayi, amalume ndi bambo aja, anapita.

Mwana wanga wamkazi ali mu Fomu 1 chaka chino. Anandifunsa ngati agogo ake aamuna anali ndi mpata m'mano ngati iye. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo ndinapeza kuti ndikukumbukira jekete, mpando ndi timabowo ta moto, koma mano sindikuwakumbukira.

Choncho, kwa inu amene mukuyang'anira laibulaleyo lero, ndikupempha mwaulemu izi. Mutsegule kabati ija, kapena kulikonse kumene katundu wake anapita, muone ngati buku la chikuto cha katoni ya sopo likadalipo. Amene anapempha kuti lisungidwe anamwalira, ndipo zimene ankaopa sizingawapwetekenso. Ngati lilipo, mundibwezere, kapena mundilole ndibwere ndi mwana wanga tidzaone chikuto chokha. Ngati linadyedwa ndi chiswe kapena linatayidwa, mundiuze choncho polemba, kuti ndisiye kudikira. Ndaphatikiza makope a makalata anga onse asanu ndi atatu, khadi langa la obwereka, ndi kapepala ka chala cha amayi. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe.